Kodi munthu angapange yekha zipolopolo pakhomo ngati azungu a pa YouTube aja?

Admin ndibisireni dzina chonde. Ine ndimawotcherera zitsulo pano pa Nkhotakota boma, komanso ndimasungunula mtovu kupanga timiyala tomiza maukonde a asodzi. Malume anga mbali ya ku Chia ali ndi mfuti ya chilolezo koma nguluwe ndi anyani atha chinangwa, usiku mvuu mumpunga, ndiye zipolopolo kuti azipeze mpaka ulendo wa kutauni komanso mtengo wake eeh. Tsono ndaona pa YouTube anthu a ku America akupanga okha, sakusungunula ayi, akungodula waya wa mtovu n'kuulowetsa m'kachikho ka mkuwa kenako kufinya ndi makina a dzanja m'chikombole chachitsulo chomwe akuti swaging die, chikutuluka chosalala chonyezimira. Mtovu ndili nawo, mnzanga ali ndi lathe, makina osemera zitsulo. Zingatheke kuno? Nanga malamulo akuti chani? Ondinyoza dikirani kaye, ndikufuna nzeru.

Mdala wopuma ntchito, Salima: Mwana wanga yambira pa funso lachiwirilo. Kuno kuli Firearms Act, ndipo chilolezo cha malume akowo ndi chosunga mfutiyo ndi zipolopolo zake, sichiwapatsa mphamvu yotsegula fakitale, iwenso dzina lako palibepo pa pepalalo. Apolisi akakupeza ndi zida zopangira zipolopolo sakafunsa za chinangwa. Ku America malamulo awo amalola munthu kudzipangira zake zogwiritsa yekha, n'chifukwa chake amajambula poyera opanda mantha.

Wa ku Dwangwa: Kkkk aise ukufuna ukadye ngaiwa yaulere ku Maula eti

Wa lathe, Lilongwe: Ndiyankhe mbali ya zitsulo poti ndi ntchito yanga. Achimwene vidiyo imanamiza, chomwe mwaonacho ndi mutu wokha, uja umauluka. Patsala chikhokho cha kumbuyo, wonga ndi kaja kamayatsa moto, zonsezo makina amenewo sapanga ndipo simungazigule pa hardware. Chachiwiri ma die aja amapangidwa ndi makampani ngati Corbin ya ku Oregon, chitsulo chake chowumitsidwa, mkati mosalazidwa ngati galasi, muyeso wake amawerengera tizigawo ta inchi tochepa kuposa tsitsi la m'mutu. Kulemera amayeza mu grain, gramu imodzi ndi ma grain 15 ndi kanthu, ndipo anthu amenewo amadandaula zikasiyana ndi kachidutswa ka grain imodzi chifukwa awo ndi masewera owombera pepala patali pa mpikisano. Lathe ya mnzanuyo yomwe imasema ma bush a minibasi, yogwedera kale, singafikepo. Mutuwo ukakula pang'ono chabe kuposa chibowo cha mfuti mphamvu yonse imabwerera kwa wogwira, ndi nkhope ya malume anu imene ili pafupi.

Mwini funso: Apa ndamva bwana, ine ndimaona ngati chipolopolo chonse ndi chomwecho. Koma nanga a gogodera aja amatha bwanji?

Wa lathe, Lilongwe: Amatha inde, koma mukadzakumana ndi mlenje wakale wa gogodera muwerenge zala zake.

Mayi wa ku Benga: Inu muli ku Nkhotakota dziwani malo amene muli. Nkhalango ya nyama ya Nkhotakota ija kuyambira 2015 akuyendetsa a African Parks limodzi ndi a Parks and Wildlife, anabweretsa njovu zoposa 500 kuchokera ku Liwonde ndi Majete mu 2016 ndi 2017, anamanga ndi mpanda wamagetsi. Mukuganiza mbiri ikamveka kuti pa boma pali mnyamata wofinya zipolopolo adzati ndi za anyani? Lamulo la nyama zakutchire analikhwimitsa mu 2017, milandu ikuluikulu imafika zaka 30. Ndiye inu mungapangire malume okha, koma mawa mnzawo abwera, mkuja mlamu wa mnzawoyo, simudziwa zikathera pa nyama iti. Za mvuuzo musaziyambe dala, malume akanene kwa amfumu ndi ku ofesi ya Parks, amenewo ndi amene ali ndi udindo pa nyama zovutitsa.

Wa ku Chia: Kunena timanena mayi koma kubwera kwake mpunga utatha. Osamangoweruza, njala ya chaka chathunthu imayambira usiku umodzi.

Mayi wa ku Benga: Sindikukana bambo, nanenso ndimalima. Koma kwathu tinakumba ngalande kumbali ya madzi n'kumagonera kumunda mosinthana ndi moto ndi zitini, sizithetsa zonse koma palibe anamangidwapo.

Namwino: Ine za mfuti ndilibe nazo mawu, chandigwira mtima ndi mtovu womwe mukusungunula kalewo. Ngati mukuswa mabatire akale a galimoto, fumbi lotuwa lija ndi utsi wake zimalowa m'magazi, mtovu umasungunuka pa 327°C ndiye pa mbaula wamba umatheka, n'chifukwa anthu amautenga ngati chinthu chopepuka. Kwa ana ndiye woopsa kwambiri, umawononga ubongo mwakachetechete, mwana amangoyamba kuvutika kusukulu inu mukuti ndi ulesi. Musasungunulire pafupi ndi khitchini, poto wake asabwererenso kwa mayi a kunyumba, zovala zantchito muzivula musananyamule mwana, sambani m'manja ndi sopo musanagwire nsima. Komanso kadontho ka madzi kakagwera mumtovu wosungunuka umathovoka mpaka m'maso.

Mwini funso: Za zipolopolozo ndazisiya, malume ndiwauza Loweruka kuti tipitire limodzi ku ofesi ya Parks. Koma asisi a namwino mwandiopsa, ana anga amasewera pomwe ndimaswera mabatire, kodi magazi ake angayezedwe kuchipatala cha boma kapena mpaka ku Central?

Namwino: Yambani mwawachotsa pamalopo lero lomwe, dothi la pamenepo musalisesere kudimba. Kenako kawafotokozereni a dokotala ntchito yomwe mumagwira, iwo akuuzani kokayezetsa.

Msodzi wa ku Senga Bay: Achimwene timiyala ta ukonde mukupanga bwanji pa kilo? Ndilowereni ku inbox.