Pulogalamu ya a Bushiri: omvera agamula kale, ndiyendetse bwanji?

Mkonzi wa pulogalamu: Akuluakulu, ndithandizeni. Lachisanu ndili ndi pulogalamu yoimba foni pa nkhani ya a Shepherd Bushiri. Ulendo watha oimba anagawikana pawiri, ena akuti ndi mbava, ena akuti munthu wa Mulungu akuchitiridwa nsanje. Wina anatukwana pa mphepo, ndinachita kumudula. Palibe anafunsa kuti mlanduwo uli pati.

Mtolankhani wa kukhoti: Asisi, anthuwo akubwereza zomwe takhala tikuwapatsa. Chithawireni a Bushiri kuchoka ku South Africa mu Novembala 2020, masamba adzaza ndi magalimoto, masuti, ndi funso loti anadutsa bwanji malire. Yambani ndi mlandu weniweniwo: iwo ndi akazi awo a Mary anamangidwa mu Okutobala 2020 powaganizira za chinyengo ndi kuzembetsa ndalama za ku South Africa zokwana R102 miliyoni, anatuluka pa belo ya R200,000 aliyense, kenako anabwera kuno. Iwo amati moyo wawo unali pachiswe. Zonsezo zinenedwe foni isanalire.

Mkonzi wa nkhani: Ndionjezere chimodzi chimene chimandipweteka. Mu Malichi 2025 khoti la majisitireti ku Lilongwe litalamula kuti atumizidwe ku South Africa, ndinamva anthu mu minibasi akuti "apezeka olakwa". Khoti lalikulu litathetsa chigamulocho, pa Facebook anati "apambana, alibe mlandu". Makhoti onsewa ankaunika zowatumiza basi, za chinyengozo sizinazengedwe mpaka chigamulo. Ife tikapanda kunena zimenezi, munthu wa kumudzi azimva kwa ndani?

Mkonzi wa pulogalamu: Nanga woimba akangoyamba ndi "wakuba uja"?

Mkonzi wa nkhani: Musamusiye amalize. Muuzeni mwaulemu kuti khoti silinatero, ndipo mumufunse maganizo ake pa kuchedwa kwa mlandu. Akanena zoipitsa mbiri ya munthu, mlandu udzagwera wailesi yanu. Wonena kuti zonse ndi nsanje naye mumufunse za anthu amene akuti anataya ndalama zawo. Amenewo sitiwatchula konse.

Mtolankhani wa kukhoti: Muitanenso loya akhale nanu mu situdiyo, ndipo mafoni azidutsa kaye kwa wina asanafike pa mphepo.

Mkonzi wa pulogalamu: Zikomo achimwene. Mphindi khumi zoyambirira ndimpatsa loya, mafoni pambuyo. Amene ali ndi chigamulo cha khoti lalikulu anditumizire lero, ndichiwerenge ndekha.