China yotchipa yosula ndi manja: ndigule kapena ndidikire?

Kamnyamata ka snare:
Akuluakulu, ndikufuna China. Musandifunse kuti china chiti, ndikunena cymbal (mbale yachitsulo yogunda pa ma drums) ija yopindika m'mphepete. Ndaimba ma drums zaka zitatu ndi ma cymbal awa basi: hi-hat ndi ride zosunga kugunda kwa nyimbo, ndi crash imodzi ya mainchesi 16 yotsindikira. Pano bandi yathu yayamba nyimbo zolemerako, ndipo pali malo pomwe magitala onse amaima mwadzidzidzi. Pamenepo pamafunika kulira kouma, kongoti khwaa! n'kuzimirira. Crash yanga imalira mokoma koma imachedwa kutonthola, mpaka kulowerera mawu a woimba. Ndaona ma China otchedwa Wuhan, zosula ndi manja, mtengo wake wotsika kwambiri poyerekeza ndi Oriental za kampani yotchuka ya Zildjian. Kutchipako ndi kumene kukundiopsa. Ndigule, kapena ndipirire ndisunge ndalama? Nanga saizi yanji?

Mkulu wa ndodo zothyoka:
Gulani, achimwene. Ikanakhala ride ndikanati dikirani, chifukwa ride mumaigunda nyimbo yonse ndipo ikakhala yoipa khutu limatopa. Koma China ntchito yake ndi kulira mwauve. Phokoso limene mungalikane pa crash ndi limene mukulifuna pano, ndiye mulipirirenji zambiri kuti alisalaze?

Chofunika kuona ndi chitsulo chake. Za Wuhan ndi za B20, kutanthauza magawo 80 pa 100 a mkuwa ndi 20 a tini, mlingo womwewo wa ma cymbal odula a makampani akuluakulu. Musazisokoneze ndi zija zimabwera ndi seti ya ophunzira, zimene zambiri ndi za bulasi, zodinda ndi makina. Zimenezo zimangoti ngwe ngati chivundikiro cha poto. Mzinda wa Wuhan, m'chigawo cha Hubei, ndi wodziwika kuyambira kale pa kusula ma gong (mbale zazikulu zachitsulo zolira zikagundidwa), ndipo Neil Peart, woimba ma drums wa bandi ya Rush, munthu woti akanatha kugula chilichonse, anakhala ndi Wuhan pa seti yake zaka zambiri.

Vuto lili apa: nyundo ikakhala m'dzanja la munthu, palibe ziwiri zofanana. Ine ndinayala zinayi za saizi imodzi, 18 zonse, n'kumagunda imodziimodzi. Yoyamba inkalirira m'mphuno. Yachiwiri inali yolemera, yofuna mphamvu kuti idzuke, ndipo kumapeto inkasiya kamawu ka gong kosatha. Yachitatu ndinangoikhudza ndi phewa la ndodo, inalavula phokoso lonse nthawi imodzi n'kukhala chete. Yachinayiyo sindinaimvetserenso bwino, mtima unali utapita kale. Choncho tengani ndodo yanuyanu, ndipo mupemphe wina agunde inu mutaima patali, chifukwa pampando mumamva zina, omvera amamva zina. Musanalipire yendetsani chala m'mphepete monse ndi pabowo, kufufuza mng'alu kapena pakuthwa. Ngati mukuitanitsa pa intaneti, funsani kulemera kwake m'magalamu ndi kavidiyo ka cymbal yomweyo imene adzakutumizireni. Yopepuka imadzuka msanga ndi kutonthola msanga.

Wa pa mixer:
Ine sindiimba, ndimakhala ku mixer, kulinganiza mawu a bandi, koma ndilankhuleko. China ya 18 mu holo yaing'ono ndi nkhondo. Imalowa m'maikolofoni a oimba onse ndipo ndilibe batani loichotsera. Ngati mumaimba malo ang'onoang'ono tengani 14 kapena 16, ndipo chonde muiike mbali yopanda woimba.

Mayi wa ride:
Za saizi ndikutsutsani pang'ono bambo a mixer. Ya 14 imatsokomola, siibangula. Pomwe magitala aima, 16 ndiye poyambira.

Koma ndabwerera nkhani ya kung'aluka, popeza anthu amati zotchipa sizichedwa kusweka. N'zopyapyala, inde, koma yanga yoyamba ndinaipha ndekha. Ndinaiika chagada monga ambiri amachitira, n'kumanga nati mpaka kulimba gwa kuti isamagwedezeke, kenako n'kumaimenya molunjika pamlomo penipeni ngati ndikuwaza nkhuni. Miyezi iwiri isanathe ndinamva kakulira kachilendo, zzz, ndipo nditaikweza pa kuwala ndinaona kamng'alu kotalika ngati chikhadabo. Ndinabowola kumapeto kwake ndi kadrilo kakang'ono kuti kasapitirire, inapirira pang'ono, kenako mng'alu unatulukira pena.

Yachiwiri ndili nayo mpaka lero. Standi ikhale ndi kapulasitiki kovala pa ulusi (mazinga omangirapo nati) kuti chitsulo chisadye bowo, felt (kansalu kochindikala) pansi ndi pamwamba, nati yomasuka moti cymbal izitha kuvina. Muipendeke kuti ndodo izigwera pa phewa lopindikalo, ndipo muzimenya mopalasa, ngati mukudutsa chabe. Yosweka ija sindinataye. Ndinaisanjikiza ndi splash, ka cymbal kakang'ono, ndipo ikumalira tsa! mwachidule, mokoma kuposa mmene inkalirira ili yathunthu.

Kamnyamata ka snare:
Zikomo nonse. Ndiyesa za 16 zingapo, ndipita ndi wa bass wathu kuti azikandigundira. Mayi, ndangoyang'ana standi yanga yotsala, kapulasitiki kaja kanatha kalekale, ulusi uli pamtunda. Kodi kapaipi kapulasitiki wamba nditadula kangagwire ntchito?

Mayi wa ride:
Kamagwira. Kangokhala kothina pa ulusi, ndipo katalike pang'ono kupitirira bowo la cymbal kuti ikamapendekeka isakhudze chitsulo.