Amene munachezako kwa a Parsi ku Mumbai, tandithandizani

Abale anga, ndili kuno ku Mumbai pa sukulu ndiye mnzanga wamkalasi, mParsi (mtundu wina wa anthu kuno ku India omwe makolo awo anachokera ku Persia), wandiitana kwawo ku Cusrow Baug, mpanda wa nyumba za a Parsi m'dera la Colaba, Sande ikubwerayi kukadya dhansak, ndiwo ya mphodza ndi nyama ya mbuzi yodyera mpunga. Chondivuta nchakuti anzathu ena mkalasi angomva basi ayamba nthabwala, akuti kumeneko ndikapeza amadala atavala kamalaya koyera kaja ka sudreh akupukuta Fiat yakalekale mmawa onse koma osaiyendetsa, akuti ndiwo iliyonse amaswerapo dzira, therere lomwe, komanso agogo aakazi amakhala pawindo kuwerenga aliyense wolowa pageti ndipo pofika madzulo baug yonse yadziwa kuti ndabwera. Mnzangayo nayenso amaseka nazo, koma ine ndine mlendo ndipo sindikufuna kulakwira makolo a munthu. Kodi eni ake akayamba nthabwalazi ine ndisekere nawo kapena ndingokhala phee? Mayi ake ndiziwatchula aunty? Zoti mu agiary, kachisi wawo wa moto, munthu wakunja salowa ndikuzidziwa. Nanga kamphatso ndinyamule chani, maswiti kapena maluwa? Chonde ndiyankheni lisanafike Loweruka.