Tebulo lozungulira latichepera, tilikulitse bwanji osaliononga?

MayiWaAnyamata:
Moni nonse. Ndili ndi tebulo lodyera lathabwa lozungulira, lija la mwendo umodzi pakati, ndayeza ndi tepi kudutsa pakati lakwana 120 cm. Tikakhala anthu 4 zimakhala bhobho koma mwezi wamawa kukubwera alendo, tikhala 7 mwina 8, ulendo watha tinapanikizana zigongono kumangogundana mpaka mwana mmodzi anakadyera pa sofa. Kugula lina sindikufuna, linali la malemu mayi anga. Bambo akunyumba akuti tingolicheka pakati tiwonjezere thabwa, ine mtima ukukana. Alipo anapangapo?

KalipentalaWakale:
Mayi, auzeni bambowo ayambe aika sowo pansi kaye. Munthu mmodzi amafuna malo pafupifupi 60 cm kuti adye momasuka, ndiye tebulo lanulo kuzungulira konse ndi 377 cm, papepala ndi anthu 6 koma mipando ndi mawondo zimadya malo, nchifukwa chake mumathera pa 4 kapena 5.

Kucheka kumatheka koma si ntchito ya Loweruka masana ayi. Pamafunika ma slide pansi oti mbali ziwirizo zizikokeka, ma dowel (timisomali tamtengo) oti thabwa lapakati lizilowa ndendende, komanso mucheke motsatira mizere ya thabwalo osati modutsa, chifukwa thabwa limafufuma kukakhala chinyezi nkubwerera kukauma, mukalakwitsa pamenepo m'mphepete simudzafanananso. Vuto lina ndi mtundu, thabwa latsopano silingafanane ndi lakalelo olo mupake vanishi kangati.

Ine ndikanakhala inu ndikanapanga chapamwamba chongosanjika. Gulani plywood ya 18 mm, imabwera 244 x 122 cm. Dulani ma hafu awiri a bwalo la 150 cm, khomani msomali, mangani chingwe cha 75 cm ndi pensulo kumapeto nkujambula. Hafu imodzi mbali yowongoka iyang'ane m'mphepete mwa uku, inayo m'mphepete mwa uko mopingasa, onse akwana pa plywood imodzi koma mothina kwambiri ndiye jambulani onse musanadule. Lumikizani ndi hinji yayitali ija kuti muzipinda nkusunga kuseri kwa kabati. Pansi pake khomani timatabwa 4 togwira m'mphepete mwa tebulo lakale kuti chisamatsetsereke, pakati yalani bulangete lopyapyala lisakande. Mukayala nsalu palibe angadziwe.

Achimwene_T:
Zoona akuluwa anena koma chenjerani ndi mwendo umodziwo!! Ine ndinachita dyera ndinapanga cha 180 cm pa tebulo ngati lanulo kuti tikwane 8, alamu anga podzuka anangotsamira ndi manja m'mphepete basi chonse chinatukuka mbali inayo, matambula pansi phwaa, msuzi pa malaya a mlendo, manyazi ake sindidzaiwala. Timatabwa tapansi tija timaletsa kutsetsereka kokha, kupendama ayi.

MayiWaAnyamata:
Iii pepani achimwene koma ndaseka kkkk. Ndiye 150 yo tikwanapo 8?

KalipentalaWakale:
6 momasuka, 7 ngati ena ndi ana komanso mipando ili yopanda mikono. 8 ayi ndisakunamizeni. Pa 150 chimangotuluka 15 cm mbali zonse, mwendo umodzi umapirira, komabe yesani kukanikiza m'mphepete ndi manja awiri alendo asanafike. Yezaninso chipinda, pakhale 90 cm kuchoka patebulo kufika kukhoma apo ayi munthu azichita kupempha njira kuti atuluke.

NaliKuno22:
Ana awiri apatseni katebulo kawo pambali nkhani yatha, amakondanso choncho.

MayiWaAnyamata:
Zikomo nonse, ndayeza kukhoma kwatsala 95 cm mbali zitatu, mbali ya windo ndi yothinako koma kukhala anyamata angawa. Sowo ndabisa.