Milandu ku VSU yakwera m'malo motsika, mu lipoti ndilembe chiyani?

WaM&E: Anzanga thandizeni, mutu waima. Tamaliza endline (kafukufuku womaliza) ya pulojekiti yothana ndi nkhanza za m'banja kwa Mponda ndi kwa Nankumba ku Mangochi. Indicator (muyeso woonera ngati pulojekiti yapambana) imati milandu yopita ku VSU, ofesi ya polisi yothandiza ochitiridwa nkhanza, itsike, koma yakwera. Donor akufunsa ngati talephera. Ine ndikudziwa kuti amayi ayamba kuyankhula, kale zinkathera kwa ankhoswe. Lipoti likufunika Lachisanu.

WakuNamwera: Achimwene, indicator imeneyo inalakwika kuyambira pa logframe, ndondomeko ya zolinga za pulojekiti. Kaundula wa VSU amawerenga odandaula, sawerenga omenyedwa. Pa baseline (kafukufuku woyamba) munafunsa amayi za nkhanza za m'miyezi 12 yapitayo ngati mmene amafunsira a MDHS, kafukufuku wa dziko lonse wa zaumoyo? Ngati ayi, mulibe chofananitsira.

Mayi wa data: Mafunsowo munafunsa m'Chiyao?

WaM&E: Fomu ya pa Kobo (pulogalamu ya pafoni yolembera mayankho) inali ya Chichewa, ma enumerator (ofunsa mafunso) ankamasulira okha.

Mayi wa data: Ndiye vuto ndi limenelo. Aliyense anamasulira "nkhanza" mwa iye yekha.

WakuMonkeyBay: Musafunse n'komwe kuti "amakuchitani nkhanza?" Ayankha ayi. Funsani ngati anamenyedwapo mbama, kukankhidwa, kukakamizidwa kugonana. Koma chonde samalani. Ife tinafunsapo mayi wina pakhonde, osadziwa kuti bambo akusoka ukonde kuseri kwa nyumba. Mawa lake mayiyo anabwera nkhope yotupa. Mpaka pano zimandipweteka. Mayi mmodzi pa banja, wofunsa akhale mzimayi, pamalo obisika, munthu akatulukira musinthe nkhani. Malangizo a WHO amatero.

WakuNamwera: Komanso musapite opanda potumiza munthu, ku Chikwanekwane (malo operekera chithandizo chonse pamodzi kwa ochitiridwa nkhanza) kapena nambala yaulere ya 5600. Kumuputa mayi kuti aulule zonse kenako inu n'kukwera galimoto, si bwino. Muonenso nyengo. Baseline mukachita abambo ali kunyanja, endline ali pakhomo ndalama za usipa zili m'thumba, manambala sangafanane.

Mayi wa data: Zonsezo n'zoona, koma kwa agogo a ku Makanjira Chichewa si chiyankhulo cha zakukhosi. Masulirani fomu.

WakuMonkeyBay: Mayi, tamva. Komatu lamulo la 2006 loletsa nkhanza za m'banja lili ndi protection order (chiletso cha khoti choteteza wochitiridwa nkhanza), ndi angati kumudzi akuidziwa? Ine ndikafunsa pa misonkhano, ngakhale a komiti amangoyang'anana.

Mayi wa data: Akadziwa bwanji ngati nalonso silinawafikire m'Chiyao?