Thunderbolt ya 1964: inatulukadi m'fakitale ili chonchi?

Sipanala17: Akuluakulu odziwa za injini, tandithandizani. Pa YouTube ndaona Ford Fairlane Thunderbolt ya 1964 ikuchita drag, uja mpikisano wa magalimoto awiri pa msewu woongoka wa mamita 402. Akuti ili m'gulu la Super Stock, la magalimoto osasinthidwa. Koma boneti ndi yotupa, malaiti awiri amkati kutsogoloku palibe, wailesi mulibe. Ine ndi makaniko, galimoto yomwe munthu waipanga modifaya pagalaja ndimaidziwa. Imeneyi sanachite kuiphwasula okha?

MadalaV8: Ayi achimwene, inagulitsidwa ili momwemo. Chinyengo chake chinali chololedwa. Bungwe la NHRA, loyendetsa mipikisano ya drag ku America, lomwe Wally Parks anayambitsa mu 1951, linkalola galimoto m'gululo pokhapokha kampani itapanga zingapo zofanana n'kuzigulitsa. Ndiye Ford inangopanga 100 za mpikisano basi. Anatenga Fairlane, yomwe ndi yocheperapo, n'kuikamo injini ya 427, ya malita 7, ya mu Galaxie yaikulu ija. Siinkakwana, mpaka ntchitoyo anaipereka kwa a Dearborn Steel Tubing kuti aikakamize kulowa.

Boneti yatupa chifukwa pansi pake pali makabyuleta awiri. Malaiti mukuwanenawo anawachotsa dala, m'maenjemo anapisamo mapaipi okokera mphepo kupita ku injini. Boneti ndi mafenda ndi za fiberglass, mipando ndi ya mu vani ya Econoline, ndipo batire lolemera analiika ku buti kuti matayala akumbuyo azigwira phula ponyamuka. Pa pepala analemba kuti mphamvu ya injini ndi 425 hp, koma musakhulupirire. Magulu ankawagawa poyerekeza kulemera kwa galimoto ndi mphamvu ya injini, choncho kampani iliyonse inkadzichepetsa mwabodza. Dalaivala Gas Ronda anawina nayo mpikisano wa Winternationals ku Pomona chaka chomwecho cha 1964.

MwanaWaMopar: Madala mwafotokoza bwino, koma ya Ford ija ndi mwana chabe. Kaoneni Dodge Hemi Dart ndi Plymouth Barracuda za 1968 zomwe a kampani ya Hurst anamanga. Ma Dart analipo 80, injini yake yotchedwa 426 Hemi. Zitseko anaziviika mu asidi kuti chitsulo chipyapyale, magalasi a m'mbali ndi opyapyala a kampani ya Corning, ndipo chopukusira windo mulibe, umakoka ndi lamba. Munthu ankailandira ndi penti ya pansi yotuwa yokha, kutsogolo kwakuda, popanda waranti. Mpaka lero zimathamangabe mu Hemi Challenge, mpikisano wa magalimoto amenewa okha, pa mpikisano waukulu wa US Nationals ku Indianapolis. Thunderbolt ili ndi mpikisano wakewake ngati umenewo?

MadalaV8: Inu a Mopar, okonda Dodge ndi Plymouth, simutopa kudzitama. Asidi si nkhani. Pontiac mu 1963 inaboola chasisi cha Catalina maenjemaenje mpaka anthu n'kuitcha Swiss cheese, tchizi cha maenje chija. Zinangopangidwa 14 chifukwa General Motors, mwini wa Pontiac, inaletsa makampani ake kuchita nawo mipikisano kumayambiriro kwa chakacho.

Sipanala17: Chasisi choboola? Ine kasitomala atandibweretsera choncho ndingamubweze pa geti. Ndiye munthu wamba ankagula n'kumapitira kuntchito?

AuntieCamaro: Kuntchito kwake kuti bambo? Injini zimenezo zimafuna petulo wa octane wokwera, ndipo pa thirafiki zimatentha. Ngakhale yomwe inkayenda bwinoko pamsewu inavuta malonda. Mu 1969 Fred Gibb, wogulitsa Chevrolet m'katauni ka La Harpe ku Illinois, anaitanitsa ma Camaro ZL1 50, nambala yomwe lamulo la NHRA linkafuna, a injini ya 427 ya aluminiyamu. Mtengo unabwera wopitirira $7,000, pamene injini yokhayo inkaposa mtengo wa Camaro wamba yathunthu. Ambiri anangokhala pa yadi osagulidwa mpaka Chevrolet inawatenga n'kuwagawira kwa ogulitsa ena. Onse pamodzi anapanga 69 okha, ndipo masiku ano imodzi inagulidwapo pa okushoni ndalama zoposa $1 miliyoni.