Manyowa a Mbeya opanda feteleza wogula, amatheka?

Alimi anzanga, ndithandizeniko nzeru. Feteleza wakwera mtengo, ndiye ndikufuna kupanga ndekha manyowa othira tomato ndi mpiru kuseri kwa nyumba. Ndili ndi gaga, phulusa la nkhuni, zitosi za nkhuku, komanso makoko a nthochi ndi zigoba za mazira zomwe ndikusunga m'chidebe.

Pa manyowa a Mbeya paja amatenga gaga, phulusa ndi zitosi kapena ndowe, n'kusakanizako feteleza wa Urea kapena NPK pang'ono, kuwaza madzi, n'kumanga m'thumba la pulasitiki masiku 21. Nanga osathiramo feteleza, mphamvu imakhalapobe?

Chikundidetsa nkhawa kwambiri ndi zitosizi, poti zikapanda kuwola bwino zimawotcha mbande. Ndidziwa bwanji kuti zapsa, ndi fungo kapena kutentha kukatha m'thumbamo? Amene munayesapo, chonde ndiuzeninso muyeso wa phulusa pa ndowa imodzi ya gaga.